Wothirira Ndemanga Pa Mpira Atiuze Cimene Maso Saona

Tsiku la Ciweru ndi la Sondo masana, m'komboni ya Linda, monganso ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi ku George, anthu ambirimbiri amasonkhana kupenyerera mpira pa wailesi ya kanema. Ena amakhala m'nyumba zao, ena m'mabala, ndipo anyamata ambiri amapanikizana pa mabenchi m'zisakasa za malata m'mene munthu amalipira pakhomo asanalowe. Onsewa, kuonjeza pa zithunzi zimene aona, amamva mau a anthu awiri. Woyamba ndiye woulutsa, amene amachula maina a osewera ndi kulondola mpira kumene upita. Waciwiri ndiye wothirira ndemanga, amene kawirikawiri amakhala munthu woti anasewerapo mpira kapena anaphunzitsapo timu. Lero tifuna kunena za munthu waciwiriyu, pakuti tiona kuti nchito yace ndi yaikulu kuposa m'mene eni ace ena aiyesera, ndipo si onse amene aigwira monga iyenera.

Ena anganene kuti nkhani iyi ndi yaing'ono, yosayenera kuidyera malo m'nyuzipepala. Oterowo aganizire munthu wa ku Linda amene afuna kukaona timu ya dziko ku bwalo la National Heroes. Ayenera kukwera basi mpaka m'tauni, kukweranso ina yopita kumpoto kwa mzinda, kugula tikiti, ndi kubwerera kwao kutada. Ambiri ndalama zotere alibe. Cotero bwalo lao ndi kanema, ndipo mphunzitsi wa mpira amene ana ao amamumva kawirikawiri ndi uja wothirira ndemanga. Caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse, anthu anali kusonkherana ndalama za mafuta a jenereta kuti mpira usawapite. Anthu odzipereka cotere sayenera kudyetsedwa gaga.

Dziko lathu lidziwa bwino mphamvu ya liu pa mpira. Malemu a Dennis Liwewe, amene anatisiya pa 22 April 2014, analera mibadwo ya okonda mpira ndi pakamwa pao pokha, ndipo ndiwo anapatsa timu yathu dzina lija la KK 11. M'masiku amenewo nyumba zambiri za m'makomboni zinalibe kanema, ndipo banja lonse pamodzi ndi oyandikana nalo linali kuzungulira kawailesi kamodzi ka mabatire. Pamene Zambia inafika pa masewero omariza a Cikho ca Africa ku Cairo caka ca 1974, nilingana ndi Zaire 2-2, nigonja 2-0 pa masewero obwereza, ambiri a makolo athu sanaone ngakhale phazi limodzi la wosewera. Woulutsa wa pa wailesi ndiye anali maso ao, ndipo anayenera kunena kanthu kali konse, pakuti cimene iye sananene, kwa omvera sicinacitike.

Koma kanema ndi cinthu cina. Wopenyerera ali nao maso ace. Aona yekha kuti mpira wapita kunja, kuti wosewera wagwa, kuti wapagolo wagwira. Ngakhale ziri tero, maso a kamera amatsata mpira basi, ndipo mwa osewera 22 amene ali m'bwalo, kawirikawiri timaona ocepa okha amene ali pafupi nao. Zimene ena onse ali kucita, ndiponso cifukwa cimene timu ina yayamba kupanikizidwa, sizioneka pa galasi. Apa ndi pamene pagona nchito ya wothirira ndemanga. Woulutsa atiuza cimene cacitika, ndipo mnzaceyo ayenera kutiuza cifukwa cace. Pa gule, mbalule ndi mpanje siziliza mau amodzi. Iri yonse iri ndi mbali yace, ndipo wobvina amatsata zonse ziwiri.

Tiyambe ndi zabwino, pakuti ziripo, ndipo alipo amuna ndi akazi amene mpando uwu aulemekeza. Cabwino coyamba ndi diso la munthu amene anakhalamo m'bwalo. Tikumbukire usiku wa pa 12 February 2012 ku Libreville, pamene Chipolopolo inakumana ndi Ivory Coast. Masewero atangoyamba kumene, Joseph Musonda, wochinga kumbuyo kudzanja lamanzere, anabvulala natuluka m'bwalo misozi iri m'maso. Kuti watuluka, ngakhale mwana anaona. Cimene mtima wa wopenyerera unafuna kudziwa ndi ici: kodi mphunzitsi Hervé Renard autseka bwanji mpata umenewo, ndani adzathandiza wolowa m'malo mwace, ndipo kodi a Ivory Coast ayamba kudzera mbali imeneyo? Wothirira ndemanga wodziwa nchito amayankha mafunso otere nthawi yomweyo, m'mau ocepa, nauza wopenyerera pamene ayenera kuika maso. Munthu akamvera wotere, amacoka pa kanema atadziwa mpira kuposa m'mene anakhalira pansi.

Cabwino caciwiri ndi kudziwa malamulo ndi kulimba mtima kuwanena ngakhale pamene atiwawa. Usiku womwewo, pa nthawi ya mapenate, Kennedy Mweene anachinga mpira wa Souleymane Bamba, koma woimbira analamula kuti ubwerezedwe cifukwa Mweene anacoka pa mzere wa golo mpira usanamenyedwe. Panalibe mwana wa Zambia amene mtima sunamupweteke. Pa nthawi yotere wothirira ndemanga ali ndi njira ziwiri. Angathe kufuula pamodzi ndi khamu kuti tiri kuberedwa, ndipo anthu adzamukonda usiku umenewo. Kapena angathe kunena mofatsa kuti lamulo litero, napempha kuti cithunzi cibwerezedwe kuti onse aone mapazi a wapagolo. Njira yaciwiriyi ndiyo yobvuta, koma ndiyo imene amlipirira.

Cabwino cacitatu ndi kudziwa nthawi yokhala cete. Pamene Stoppila Sunzu analowetsa penate yomariza, Zambia nipambana 8-7, osewera athu anali mu mzinda womwewo umene pafupi nao ndege inagwera m'nyanja pa 27 April 1993, nimwalira anthu 30, mwa iwo osewera 18 ndi mphunzitsi wao Godfrey Chitalu. Kenaka tinaona Renard atanyamula Musonda m'manja kupita naye kwa anzace kuti akondwere pamodzi. Cithunzi cotere sicisowa womasulira. Wothirira ndemanga wanzeru amatseka pakamwa, nalola anthu amve mau a bwalo ndi a mitima yao. Pa maliro ndi pa cikondwerero cacikulu, wamkulu amadziwika ndi kucepa kwa mau ace.

Tsono tinene zolakwika, ndipo tidzazinena osachula dzina la munthu, pakuti colinga cathu ndi kukonza nchito. Colakwika coyamba, cimenenso ciri cofala koposa, ndi kubwereza zimene tonse taona kale. Mpira wapita pamwamba pa golo, woulutsa wanena kuti wapita pamwamba, ndipo mnzaceyo aonjeza kuti wosewerayo anayenera kuutsitsa pang'ono. Timu yagonja, ndipo tiuzidwa kuti yagonja cifukwa sinalowetse zigoli. Tiuzidwa kuti anyamata ayenera kulimbikira, kuti masewero sanathe, kuti mpira ndi wozungulira. Mau otere angathe kunenedwa pa masewero ali onse, ngakhale ndi munthu amene wakhala cofulatira kanema. Wopenyerera wa ku Linda, amene mpira anaukulira pa fumbi, amawadziwa onse pamtima, ndipo si zacilendo kumva anyamata m'cisakasa ali kumariza ciganizo ca wothirira ndemanga iye asanacimarize.

Colakwika caciwiri ndi kudalira mbiri ya dzulo. Tilemekeza onse amene anabvalapo malaya a dziko lino, koma akulu anati tsabola wakale sawawa. Malamulo a mpira amasintha, ndipo bungwe la IFAB limawakonzanso caka ndi caka. Kuyambira 1992 wapagolo saloledwa kugwira ndi manja mpira umene mnzace wamupatsira dala ndi phazi. Kuyambira 2016 mpira woyambira pakati ungathe kumenyedwa kupita kumbuyo. Kuyambira 2019 wapagolo poyambitsanso mpira umene unatuluka angathe kupatsira mnzace ali m'kati mwa bokosi, ndipo pa penate cofunika ndi cakuti phazi lace limodzi likhale pa mzere. Caka ca 2022 kusintha osewera asanu kunakhazikitsidwa m'malamulo. Caka ca 2025 kunabwera lamulo lakuti wapagolo akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, timu inayo ipatsidwa kona. Kuonjeza apo pali makina a VAR, amene anayamba kugwira nchito pa Cikho ca Dziko Lonse caka ca 2018. Munthu amene anasiya kusewera zaka makumi awiri zapitazo, ngati satsegula buku la malamulo, adzaphunzitsa mtundu wonse mpira umene kulibenso. Ndipo m'malo mofotokoza zimene ziri kucitika m'bwalo, adzatha mphindi zambiri ali kusimba za m'masiku ace.

Colakwika cacitatu ndi kukondera, ndipo ici ndico coopsa. Ali yense wa ife ali ndi timu ya pamtima, kaya ndi Nkana kapena Power Dynamos, Zanaco kapena Green Buffaloes, Red Arrows kapena Kabwe Warriors. Munthu amene anatumikira timu imodzi zaka khumi sangaiiwale tsiku limodzi, ndipo sitimupempha kutero. Timupempha cabe kuti akakhala pa mpando uja, malaya a timuyo awasiye kunyumba. Koma tamvapo ena amene kwa iwo kugwa kwa wosewera wa timu yao ndi penate, pamene kugwa kwa wa timu inayo ndi cinyengo. Zinthu zikathina, mlandu wonse amaukankhira kwa woimbira, ena mpaka kusiya mau okuluwika osonyeza ngati walandira kanthu, popanda umboni uli wonse.

Mau amenewa sathera pa kanema. Pa mabwalo a fumbi a ku Linda ndi makomboni ena, woimbira mpira wa anyamata amakhala mphunzitsi wa sukulu kapena mkulu wina wodzipereka, amene salandira malipiro, alibe mpanda womuchinga, alibenso wapolisi womuperekeza kunyumba. Anyamata amene pa Ciweru anamva munthu wochuka ali kunyoza woimbira pamaso pa dziko lonse, pa Sondo amacita comweco pa bwalo lao, ndipo kumeneko cipongwe sicicedwa kusanduka miyala. Mace mbuu, mwana mbuu. Ambiri a mikangano imeneyi imabuka pa malamulo osabvuta, monga lakuti palibe ofusaidi pa mpira wocokera pa kona kapena woponyedwa ndi manja kucokera kumbali, ndi lakuti wosewera wolingana ndi wochinga sali pa ofusaidi. Wothirira ndemanga akanafotokoza zimenezi sabata ndi sabata, akanazimitsa moto wambiri usanayake. Sitikuti woimbira salakwa. Amalakwa ndithu, ndipo akalakwa zinenedwe poyera, koma zinenedwe ndi lamulo m'manja.

Colakwika cacinai ndi kucititsa manyazi osewera. Kudzudzula ndi mbali ya nchitoyi, koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti wochinga waima polakwika ndi kunena kuti sayenera kubvala nsapato za mpira. Mnyamata wa zaka 19 amene waphonya cigoli ali ndi amai ace amene ali kupenyerera pamodzi ndi oyandikana nao, ndipo mawa ayenera kuyenda m'njira za komboni yomweyo. Wosewera wakale ndiye ayenera kudziwa koposa ife tonse m'mene miyendo imalemerera pa mphindi ya 80 padzuwa la October, ndi m'mene golo imacepera pamene bwalo lonse liri kufuula. Ngakhale Didier Drogba anaphonya penate usiku uja wa ku Libreville. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Colakwika cacisanu ndi kubwera ku nchito osakonzekera. Kuchula molakwa dzina la wosewera wa dziko lako lomwe ndi cipongwe kwa iye ndi kwa banja lace. Kusadziwa kumene mnyamata wacokera ndi kutaya mwai wolimbikitsa ana. Pamene Patson Daka analowetsa cigoli pa masewero omariza a Cikho ca Africa ca anyamata osapitirira zaka 20 pa bwalo la National Heroes caka ca 2017, Zambia nigonjetsa Senegal 2-0, mwana wa ku Linda anayenera kumva kuti ameneyu anakulira ku Kafue, naphunzira mpira ku Kafue Celtic, pamtunda woti basi ifika tsiku lomwelo. Kusakonzekeraku kumaonekera kwambiri pa mpira wa akazi. Barbra Banda analowetsa zigoli zitatu pa Netherlands ndi zitatu zina pa China ku masewero a Olympic a ku Tokyo caka ca 2021, ndipo Copper Queens inafika ku Cikho ca Dziko Lonse caka ca 2023 nigonjetsa Costa Rica 3-1. Timu yotere iyenera kufotokozedwa monga timu ya mpira. Wothirira ndemanga amene sapeza conena koma maonekedwe a atsikanawo, kapena kudabwa kuti mkazi wamenya mpira mwamphamvu, waonetsa umbuli wace.

Tionjezepo cenjezo limodzi. M'makomboni athu nyumba zobechera mpira zaculuka, ndipo lamya ya m'manja yasanduka nyumba ya njuga yoyenda nayo m'thumba. Wothirira ndemanga akanena motsimikiza kuti lero zigoli zidzagwa zambiri, kapena kuti timu yakuti singagonje, alipo mnyamata amene adzaikapo ndalama ya ndiwo. Kuyerekeza za masewero si kulakwa, koma munthu wa pa mpando uja akumbukire kuti si mneneri, ndipo asadzipange kukhala mneneri.

Pali bvuto linanso limene sitingaike pa mutu wa othirira ndemanga okha, ndilo la cinenero. Mpira wa pa kanema kawirikawiri umaulutsidwa m'Cingerezi. Ambiri a osewera athu akale anaphunzira mpira m'Cinyanja kapena m'Cibemba, ndipo mukakhala nao pansi pa mtengo amakufotokozerani masewero mpaka mutaona m'maso mwanu pamene pabooka. Koma munthu yemweyo mukamuika pa maikolofoni ndi kumuuza kuti alankhule Cingerezi, nzeru zace zimamangika, ndipo amathawira ku timau tija tobwerezabwereza. Wailesi ya ZNBC yakhala zaka zambiri ikuulutsa m'zinenero zisanu ndi ziwiri, Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, ndipo dziko silinagawanike. Tiona kuti palibe cifukwa cokwanira coletsa kuti wopenyerera wa kanema asankhe kumva mpira wa kwao m'cinenero ca kwao pa masewero ali onse.

Komanso eni nyumba zoulutsira mau ali ndi mbali yao pa mlanduwu. Nkulakwa kuganiza kuti amene anadziwa kusewera ndiye kuti adziwanso kufotokoza. Izi ndi nchito ziwiri. Mmisiri wa matabwa angathe kukhoma mpando wabwino koma osadziwa kuphunzitsa mwana kugwira mpeni wopalira. Kutenga wosewera wochuka ndi kumukhazika pa maikolofoni popanda ciphunzitso ndi kumuika pamalo pamene mbiri yace imene anaibvutikira m'bwalo ingathe kuonongeka m'masabata owerengeka. Dzina limakoka anthu tsiku loyamba, koma cimene cimawasunga ndi zimene munthuyo anena.

Cifukwa cace tipempha zinthu zinai. Coyamba, nyumba zoulutsira mau, za Boma ndi za anthu wamba zomwe, zisakhazike munthu pa mpando uwu asanaphunzitsidwe. Muno mu Lusaka muli Evelyn Hone College ndi ZAMCOM, kumene atolankhani amasulidwa, ndipo maphunziro afupi a osewera akale angakonzedwe kumeneko. Caciwiri, bungwe la FAZ, masewero a caka asanayambe, lisonkhanitse oulutsa ndi othirira ndemanga pamodzi ndi aphunzitsi a oimbira mpira kuti awafotokozere malamulo amene asintha. Cacitatu, mpando uwu utsegulidwe kwa oimbira amene anapuma pa nchito ndi kwa akazi amene anasewerapo mpira, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Cacinai, zinenero zathu zipatsidwe malo okwanira pa mpira wa pa kanema.

Kwa inu othirira ndemanga eni ace tikuti: werengani malamulo, fikani msanga pa bwalo, funsani wosewera m'mene dzina lace lichulidwira, mpatseni mpata mnzanu woulutsa mpira ukayandikira golo, ndipo musanatsegule pakamwa dzifunseni ngati cimene mufuna kunena wopenyerera sanacione kale yekha. Kwa inu awerengi athu, musangozimitsa mau a kanema ndi kudandaula pa benchi. Lembani makalata ku nyumba zoulutsira mau ndi ku tsamba lino, kuyamika amene acita bwino ndi kuchula pamene pafunika kukonza.

M'cisakasa cina ku Linda Ciweru cikudzaci mudzakhala mwana amene mawa adzakhala wosewera, kapena mphunzitsi wa timu, kapena woimbira mpira. Zambiri zimene adzadziwa za masewerowa, ndi za ulemu umene munthu apatsa mnzace pa bwalo, adzazimva kwa liu laciwiri lija. M'mera mpoyamba. Amene apatsidwa mpando umenewo aziukhala pokumbukira mwanayo.